Chidole chinafera m'manja mwanga: kodi maphunziro otere ndi nkhanza?

Funso ili lachokera kwa wophunzira udokotala wa chaka chachinayi. Ndalifupikitsa pang'ono.

"Adokotala, sabata yatha tinali m'chipinda choyesereramo. Anatipatsa chidole chija chimapuma, kuphethira ndi kuyankhula, n'kutiuza kuti ndi bambo wa zaka 62 amene wabwera akumva kuwawa pachifuwa. Ine ndi amene ndinkatsogolera gulu. Mtima unaima, tinachita CPR (kudinikiza pachifuwa ndi kupereka mpweya kuti mtima uyambenso kugunda) mpaka manja kulema, koma aphunzitsi sanaubwezeretse. Kenako anandilowetsa m'chipinda china momwe munali mayi wochita sewero, ngati mkazi wa wodwalayo, kuti ndikamuuze. Pakamwa panauma. Ndinangoti 'zinthu sizinayende bwino', iye n'kundifunsa kuti, 'Ndiye adzuka liti?' Nditatuluka ndinakalira kuchimbudzi. Anzanga ankangoseka kuti ndi pulasitiki chabe. Kodi kutiphera chidole mwadala kuli ndi phindu, kapena ndi nkhanza za aphunzitsi? Nanga ngati ndikulirira pulasitiki, ndidzalimba pa munthu weniweni, kapena ntchitoyi si yanga?"

Ndiyamba ndi funso lachiwiri, poti ndi limene likukusowetsani tulo. Ntchitoyi ndi yanu ndithu. M'zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa m'zipinda zoterezi ndaona ophunzira ambiri akutuluka maso atafiira, ena manja akunjenjemera mpaka kuvutika kuvula magolovesi, ndipo ambiri mwa iwo lero ndi madokotala odalirika. Thupi la munthu silisiyanitsa alamu ya sewero ndi yeniyeni. Monita, makina oonetsa kugunda kwa mtima wa wodwala, ikayamba kulira, anzanu anayi akukuyang'anani kudikira lamulo, mtima wanu umathamanga, malovu amauma, mawu amene mumawadziwa bwino amathawa. Komanso taganizani bwino: misozi inayamba pamene mzere wa pa monita unawongoka kusonyeza kuti mtima waima, kapena pamene mayi uja anafunsa kuti mwamuna wake adzuka liti? Ine ndikuganiza kuti ndi pa funso lija. Ndiye kuti simunalirire pulasitiki ayi. Munalawa koyamba kulemera kokhala munthu amene onse akumuyang'ana imfa ikalowa m'chipinda. Anzanu amene ankasekawo musawayese olimba kuposa inu. Kuseka nako ndi njira yotulutsira mantha, ndipo ena mwa iwo usiku umenewo anagona mochedwa, kungoti sangakuuzeni.

Funso loyamba lija ndiye lilibe yankho la mawu amodzi, ndipo aphunzitsi enieniwo akhala akukanganirana kwa zaka zambiri. Kuti mumvetse mkanganowo, muyenera kudziwa kuti zidolezi poyamba zinapangidwa kuti zizipulumuka. Resusci Anne, chidole chimene anthu miyandamiyanda aphunzirirapo CPR, chinatuluka mu 1960. Anachipanga Asmund Laerdal wa ku Norway, munthu amene ntchito yake inali yopanga zidole za ana, mothandizana ndi madokotala Peter Safar ndi Bjørn Lind. Chodabwitsa n'chakuti nkhope yake anaitengera pa nkhope ya mtsikana wosadziwika amene akuti mtembo wake unavuulidwa mumtsinje wa Seine ku Paris, koma m'kalasi Anne sankafa. Mu 1963, Howard Barrows, dokotala wa matenda a ubongo ku University of Southern California, anayamba kuphunzitsa anthu athanzi kuti azichita ngati odwala pamaso pa ophunzira, ndipo mayi amene munakumana naye uja ndi chidzukulu cha ganizo limenelo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, David Gaba, dokotala wogonetsa odwala pa opaleshoni ku yunivesite ya Stanford ku America, anatengera njira imene oyendetsa ndege amayeserera ngozi n'kuibweretsa kuchipatala, kuti gulu lonse liziphunzira kugwirira ntchito limodzi zinthu zikathina.

M'malo ambiri munakhazikika lamulo losalembedwa lakuti chidole sichifa. Wophunzira akachita bwino, mtima ubwerere. Akasochera, mphunzitsi amuponyere chingwe, mwina polowetsa "dokotala wamkulu" kapena kuimitsa sewero lisanafike poipa. Maganizo ake anali abwino, kuti wophunzira asakhumudwe. Koma zotsatira zake n'zakuti munthu amamaliza sukulu ali ndi chikhulupiriro chobisika chakuti ukatsata ndondomeko yonse, wodwala sangafe, ndipo akafa ndiye kuti pali amene walakwitsa. TV nayo imathirira chikhulupiriro chomwechi. Mu 1996, ofufuza Diem, Lantos ndi Tulsky anawerengera ma CPR amene anaonetsedwa m'mapulogalamu atatu a pa TV a ku America, n'kulemba m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine kuti odwala 75 mwa 100 alionse ankatsitsimuka pompo. M'zipatala zenizeni za ku America komweko, zokhala ndi zida zonse, munthu amene mtima wake waimira m'chipatala n'kuchira mpaka kutuluka ndi pafupifupi mmodzi mwa anthu 4 alionse. Mtima ukaimira kunja kwa chipatala, ndi pafupifupi mmodzi mwa 10. Kunena kwina, pa CPR yochitidwa bwino kwambiri, imfa ndi imene imachitika kawirikawiri. Sukulu imene chidole chake chimadzuka nthawi zonse ikuphunzitsa bodza, ngakhale ikuchita mwachikondi.

Komabe amene amaopa kupha chidole sikuti akungolota. Mu 2014, Kristin Fraser ndi anzake ku University of Calgary anagawa ophunzira a chaka chomaliza m'magulu awiri pa sewero la wodwala amene wamwa mankhwala opitirira muyeso. Kwa gulu lina wodwalayo ankapulumuka, kwa lina ankamwalira mosayembekezereka kumapeto. Amene wodwala wawo anamwalira anatuluka ndi mtima wolemera komanso mutu wodzaza, ndipo patapita miyezi 3, atayesedwa pa vuto lofanana nalo, ochepa mwa iwo ndi amene anakhoza poyerekeza ndi gulu linalo. Imfa inadya malo amene phunziro la mankhwala likanakhala. Mbali inayi, Samuel DeMaria ndi anzake ku sukulu ya udokotala ya Mount Sinai mumzinda wa New York anapeza mu 2010 kuti ophunzira amene sewero lawo la CPR linawonjezeredwa zinthu zopanikiza mtima ankachita bwino kuposa anzawo patapita miyezi 6. Zooneka ngati zikutsutsanatu, koma ine sindikuona choncho. Kupanikizika kumene kukugwirizana ndi phunziro la tsikulo kumakhomerera phunzirolo m'mutu. Kupanikizika kongogwa ngati mphezi, pa tsiku limene wophunzira akulimbana ndi nkhani ina, kumafufuta.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Chidole chizifa, koma chizifa pa tsiku limene phunziro lake ndi imfayo. Chisafe ngati chilango. Mphunzitsi amene amakhala kuseri kwa galasi n'kudina batani kuti mzere uwongoke chifukwa wophunzira wachedwa kulamula mankhwala, kuti "aphunzirepo", ameneyo ndiye akuchita nkhanza zimene mukunenazo, ndipo wophunzirayo amaphunzira kubisa zolakwa osati kuzikonza. Chisafenso pa tsiku loyamba la munthu amene akungophunzira kumene kudinikiza pachifuwa maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi. Ameneyo mutu wake wadzaza kale ndi kuwerenga. Kwa inu a chaka chachinayi, amene posachedwapa mukhala mukuitanidwa usiku kuwodi, nthawi yake yakwana. Pa zimene mwalongosola, zikuoneka kuti aphunzitsi anu anakonzeratu kuti wodwalayo amwalire zivute zitani, chifukwa wochita sewero anali atakhala kale m'chipinda chinacho kukudikirani. Palibe chimene mukanachita kuti mtimawo ubwerere. Ndikanakonda akanakuuzani zimenezi momveka, ndipo ngati sanatero, kafunseni.

Pali zinthu zimene ziyenera kunenedwa sewero lisanayambe, ndipo apa ndi pamene mungayezere ngati sukulu yanu ikuchita bwino. Gulu liuzidwe kuti m'masewero a chipinda chino wodwala akhoza kumwalira ngakhale mutachita zonse moyenera. Si kuulula mathero, koma kuchotsa msampha. Liuzidwe ngati lero kuli mamalikisi kapena ayi, kuti zochitika m'chipindamo zithera momwemo, komanso kuti aliyense ali ndi ufulu wotuluka popanda kufunsidwa chifukwa. Mphunzitsi wanzeru amapereka mpata woti amene waferedwa posachedwa amunong'oneze pambali, chifukwa sabwino kupatsa wophunzira amene waika bambo ake mwezi watha sewero la bambo wa zaka 62. Ku Center for Medical Simulation ku Boston amayamba ndi mfundo imene amaitchula poyera, yakuti amakhulupirira kuti aliyense amene walowa ndi wanzeru, amatha ntchito, amafuna kuchita bwino ndiponso akufuna kupita patsogolo. Zimamveka ngati mwambo chabe, koma wophunzira amene wamva zimenezo amayerekeza kunena kuti "sindinadziwe chochita", ndipo kuphunzira kumayambira pamenepo.

Tsopano, phindu lake lenileni n'chiyani? Ena amati n'kulimbitsa mtima. Ine mawu amenewo sindiwakonda, chifukwa mtima wouma si umene tikufuna. Chimene sewero la imfa limapereka ndi chochita cha manja ndi chonena cha pakamwa m'mphindi 30 zotsatira, nthawi imene mabuku ambiri amangoidumpha. Choyamba ndi kusiya. Kuyamba CPR n'kosavuta, aliyense amathamangira. Kusiya ndi kumene kumafuna munthu. Wotsogolera wabwino sangoti "basi". Amanena mokweza kuti onse amve: "Tadinikiza kwa mphindi 25. Mzere wakhala wowongoka chiyambire. Mankhwala a adrenaline tapereka pa nthawi yake, mpweya ukulowa m'mapapo onse awiri, potaziyamu wa m'magazi tayang'ana, palibe chosonyeza kuti akutaya magazi. Ine ndikuona kuti tisiye. Alipo amene ali ndi ganizo lina?" Kenako amadikiradi yankho. Funso lomalizalo limagwira ntchito ziwiri: nthawi zina namwino amakumbukira chinthu chimene chaiwalika, ndipo nthawi zonse chigamulocho chimasanduka cha gulu, osati katundu wa munthu mmodzi. Monga wophunzira simudzagamula nokha, ndipo ngakhale mutangoyamba ntchito mudzaitana wamkulu. Koma mawuwa ndi bwino atatulukapo kale pakamwa panu tsikulo lisanafike.

Kutsimikizira imfa nako ndi luso, ndipo madokotala ambiri analiphunzira usiku, pongouzidwa ndi namwino kuti "pitani mukaone bedi lakumapeto". Malangizo a ku Britain a mu 2008, ochokera ku bungwe la madokotala la Academy of Medical Royal Colleges, ankati muonetsetse kwa mphindi zosachepera 5 kuti mtima sukugunda ndipo munthuyo sakupuma. Zala pamtsempha wa pakhosi, stethoscope (chida chomverera mtima) pachifuwa, maso anu akuyang'ana ngati chifuwa chikukwera. Kenako tochi m'maso kuona ngati kamwana ka diso kakusintha, kukhudza diso pang'ono kuona ngati aphethire, ndi kudinikiza pamwamba pa diso kuona ngati agwedezeke. Mphindi 5 zimenezo zimatalika modabwitsa ukaimirira pambali pa bedi, achibale akukuyang'ana, ndipo chiyeso chodula nthawi chimakhala chachikulu. Chifukwa chake chilipo: mwa apo ndi apo mtima umayambanso wokha patangopita mphindi zochepa CPR itasiyidwa, zimene madokotala anazitcha dzina la Lazaro. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho tsatirani a chipatala chanu, koma yesererani ndi wotchi kuti thupi lanu lidziwe kutalika kwake.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene ndimakakonda. Jonathan Bartels, namwino wa m'chipinda cha ngozi pa chipatala cha University of Virginia, anayambitsa chizolowezi chakuti CPR ikalephereka, gulu lonse liime chete kwa pafupifupi mphindi imodzi lisanabalalike, kulemekeza munthu amene wamwalirayo ndi khama la amene anayesetsa. Si pemphero, ndipo palibe amakakamizidwa. Zipatala zambiri zinatengera. M'sewero, ophunzira amayamba akuchita manyazi kuimirira chete mozungulira chidole, koma amene anayeserapo ndi amene amadzalimba mtima kupempha zimenezi pa wodwala weniweni.

Tifike pa chimene chinakugwetsani. Musanalowe kwa achibale, imani pakhomo. Tsimikizirani dzina la womwalirayo kuti muzimutchula ndi dzina, osati "wodwala uja". Dziyang'aneni zovala ndi nsapato ngati zadontheredwa magazi. Foni musiyire mnzanu. Tengani namwino kuti mukamatuluka pakhale wotsala nawo. Mukalowa, nenani dzina lanu ndi udindo wanu, funsani kuti amene alipowo ndi ndani kwa womwalirayo, ndipo khalani pansi, chifukwa dokotala woimirira amaoneka ngati akuthawa. Funsani zimene akudziwa kale, m'mawu ochepa. Kenako achenjezeni: "Mayi, ndabwera ndi uthenga wovuta kwambiri." Pumani kamodzi. "Mtima wa amuna anu unaima. Tinayesetsa kuubwezeretsa koma sizinatheke. Pepani, amwalira." Mukatero tsekani pakamwa.

Mawu akuti "zinthu sizinayende bwino" ndi amene pafupifupi aliyense amathawirako ulendo woyamba, pamodzi ndi anzake monga "tawataya" kapena "zativuta". Timaganiza kuti tikufewetsa, koma munthu amene akuopa amagwira kachiyembekezo kalikonse kamene mawu athu asiya, ndiye amafunsa ngati mmene anakufunsirani mayi uja, ndipo uthengawo mumaupereka kawiri. Wochita seweroyo anaphunzitsidwa kufunsa funso limenelo akapanda kumva mawu akuti "amwalira". Sanafune kukuchititsani manyazi, anangochita zimene achibale enieni amachita. Ndipo chete amene amatsatirayo ndi wovuta kuposa mawuwo. Wophunzira amafuna kumudzaza ndi mayina a mankhwala ndi maola, pamene wofedwayo sakumvanso kalikonse. Ena amakuwa, ena amagwa pansi, ena amangoti duu, ena amakwiya n'kukulozani chala. Zonsezi muzilole. Osanena kuti "ndikudziwa mmene mukumvera", chifukwa simukudziwa. Akafunsa ngati anamva ululu, yankhani zoona zimene munaona, osawonjezera. Apatseni mwayi wokaona thupi, mutawauziratu ngati muli machubu, poti pa imfa imene ikufunika kufufuzidwa malamulo ambiri salola kuwachotsa. Mudzamva za SPIKES, ndondomeko ya masitepe 6 imene Walter Baile, Robert Buckman ndi anzawo anasindikiza mu 2000. Inalembedwera kuuza odwala khansa uthenga woipa, ndipo imathandiza kuti usasochere, koma munthu amene akuilakatula mumtima ngati ndakatulo amaonekera pankhope.

Sewero labwino nthawi zina limaika wachibale m'chipinda momwe CPR ikuchitikira. Kale tinkawatulutsa onse poganiza kuti tikuwateteza. Kafukufuku wa ku France wa Patricia Jabre ndi anzake, wa mu 2013, anasonyeza kuti achibale amene anapatsidwa mwayi woonerera anali ndi zizindikiro zochepa za kuvulala m'maganizo pambuyo pake, ndipo ntchito ya achipatala sinasokonezeke. Chofunika n'chakuti pakhale munthu mmodzi woima nawo n'kumawafotokozera zimene zikuchitika.

Za mapepala ndingodutsapo. Lembani nthawi, amene analipo ndi zimene zinachitidwa, dziwitsani dokotala wamkulu, ndipo pa chikalata cha imfa musalembe kuti "mtima unaima" ngati choyambitsa, chifukwa mtima wa womwalira aliyense umaima. Fomu ya World Health Organization imafuna mndandanda wa zimene zinatsatizana, matenda amene anayambitsa zonse ali pamzere wapansi.

Chimene ndimadandaula nacho pa masewero ambiri n'chakuti amakonda imfa yaphokoso, ya alamu ndi kuthamanga, pamene imfa zambiri zimene mudzaone zidzabwera pang'onopang'ono. Wodwala amasiya kudya, amagona nthawi yaitali, mawondo ndi mapazi amachita mathothomathotho, kapumidwe kamasintha, kukwera, kutsika, kuima kaye kenako n'kuyambanso, kumene timakutcha Cheyne-Stokes, ndipo kukhosi kumamveka phokoso la malovu amene sakutha kumeza. Kuzindikira kuti munthu uyu akumwalira, kusiya kumubaya majakisoni opanda phindu, kuchepetsa ululu ndi befu, kuitana achibale nthawi isanathe, n'kuwauza kuti phokosolo nthawi zambiri limavutitsa omvera kuposa wodwalayo, umenewunso ndi udokotala. Ndi ntchito imene dokotala Cicely Saunders anaimenyera nkhondo potsegula St Christopher's Hospice, malo osamalirako odwala amene atsala pang'ono kumwalira, ku London mu 1967. Ngati sukulu yanu ilibe sewero la imfa yoyembekezereka, ipempheni. Silifuna ngakhale chidole chodula. Bedi, wochita sewero ndi mphunzitsi n'zokwanira.

M'kalata yanu simunatchule ngati munakhala pansi kukambirana sewero litatha, ndipo pamenepa ndi pamene ndili ndi nkhawa. Kukambirana kumeneku, debriefing, ndi kumene kumasandutsa mantha kukhala phunziro, ndipo kawirikawiri kumayenera kutenga nthawi yaitali kuposa sewerolo. Kumayamba ndi kulola anthu kunena mmene akumvera, kenako kugwirizana pa zimene zinachitika, kenako kufufuza chifukwa chake. Ofufuza Jenny Rudolph ndi anzake analongosola mu 2006 njira imene mphunzitsi amanena poyera chimene waona ndi maganizo ake, kenako n'kufunsa mofunadi kudziwa. M'malo mwa funso lotchera msampha lakuti "mukuganiza kuti munalakwitsa pati?", amati: "Ndinaona kuti mayi atafunsa kuti adzuka liti, munayang'ana pansi. Ndinada nkhawa kuti sanamvebe kuti amwalira. Munkaganiza chiyani pa nthawi imeneyo?" Mayankho ake amadabwitsa. Wina amati ankaopa kuti mayiyo akomoka, wina amati ankaona ngati wophunzira saloledwa kutchula imfa, wina amati nkhope ya mayiyo inamukumbutsa amayi ake. Aliyense mwa atatuwa akufunika thandizo losiyana. Wochita sewero nayenso abwere, atavula udindo wake, adzitchule dzina lake lenileni, n'kunena mmene mawu anu anamufikira. Ndipo koposa zonse wophunzira apatsidwe mpata wobwerezanso pompo. Kupha chidole n'kubalalitsa gulu kuti lithamangire kalasi yotsatira, kumeneko n'kusasamala, ngakhale sewerolo litakonzedwa bwino chotani.

Ndisakunamizeni kuti mukayeserera mokwanira, imfa yeniyeni sidzakupwetekani. Chidole mwachidziwa kwa mphindi 20. Wodwala weniweni mudzakhala mutamutenga magazi m'mawa uliwonse kwa milungu, mukudziwa dzina la mdzukulu wake ndi nthabwala zake. Thupi lake lidzakhala lofunda, nthiti zikhoza kuthyoka pansi pa manja anu, zimene zimachitika kawirikawiri ngakhale CPR ikuchitidwa moyenera, ndipo mukatuluka kuseri kwa katani mudzapeza odwala ena akukudikirani ngati palibe chachitika. Pamene pali kukayikira kuti mwina panalakwika china, ululu wake umakula kwambiri, moti dokotala Albert Wu polemba m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2000 anatcha wachipatala wotere wovulala wachiwiri. Sewero silichotsa zimenezi. Limangochititsa kuti tsiku limenelo mukhale ndi chisoni chokha, osati chisoni pamodzi ndi kusadziwa chochita.

Pakali pano, bwererani kwa mphunzitsi amene anatsogolera sewerolo, muwauze zimene mwandiuzazi, ndipo mupemphe kubwereza gawo la achibale. Aphunzitsi ambiri amasangalala ndi pempho lotere. Ngati sizitheka, tengani anzanu awiri, mmodzi akhale wachibale, wina woonerera, muzisinthana. Nenani mawu aja mokweza mpaka lilime lizolowere, chifukwa kuwanena mumtima si chimodzimodzi. Mukakhala kuwodi, pemphani dokotala wamkulu kuti mumuperekeze akamakatsimikizira imfa kapena kukalankhula ndi achibale, ngati achibalewo avomera, ndipo mukatuluka mufunseni chifukwa chake ananena zimene ananena. Anamwino akamakonza thupi, pemphani kuthandiza. Iwo ndi amene amadziwa zambiri za maola amenewa kuposa ife, ndipo sakana munthu wofunsa mwaulemu.

Kusowa tulo kwa masiku angapo, kumangoganizira sewerolo, kapena kuchita mantha pang'ono pobwerera m'chipindamo, zimenezi zimatha zokha, makamaka mukamakamba ndi munthu. Koma ngati patapita milungu iwiri kapena itatu simukugonabe, mukulota zoopsa, chithunzi cha tsikulo chikumakubwererani masana, mwayamba kujomba kuwodi kapena kuzemba odwala kwambiri, mukumwa mowa kapena mapiritsi kuti mugone, kapena mwangozizira osamvanso kanthu pa chilichonse, kaonaneni ndi mlangizi wa ophunzira kapena dokotala wanu. Zizindikiro zotere zikapitirira mwezi zimafunika kuunikidwa ndi katswiri wa matenda a maganizo, ndipo thandizo lake lilipo, limagwira ntchito. Ngati sewerolo latsegula chilonda cha imfa ya wachibale wanu, musadikire milunguyo. Pitani msanga, ndipo muwadziwitse aphunzitsi kuti akukonzereni masewero otsatira moganizira zimenezo. Mukayamba kuganiza zodzivulaza kapena kuti kuli bwino mutafa, uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, ndipo mupite naye limodzi kuchipatala.